Mayi Verna Tibbetts ndi Dzina Limene Anadula

Bungwe la Osunga Makalata a Alakatuli Akale
Pell Harbor, Maine
Pa 2 Epulo 2024

Kwa Mayi Noreen Alley, mwana yekhayo wa malemu, pamodzi ndi ana awo, zidzukulu ndi abale onse a banja la Tibbetts. Kwa mamembala a bungwe lino kulikonse kumene ali. Ndi kwa anthu onse a ku Pell Harbor:

Ndi mitima yolemera ndi manja ofooka, ife a Bungwe la Osunga Makalata a Alakatuli Akale tikulemba uthenga uno pa imfa ya mayi wathu, amene anayambitsa bungwe lino ndi kulilera kwa zaka makumi asanu, Mayi Verna Tibbetts, amene anatisiya m'mawa wa Lachinayi pa 21 Malichi, m'nyumba yawo ya pamwamba pa doko, ali ndi zaka 83. Tinkadziwa kuti mtima wawo watopa, pakuti adokotala sanatibisire kanthu. Komabe imfa, ngakhale igogode pachitseko mwezi wathunthu, ikalowa imalowa ngati mlendo amene sitinamumvepo, ndipo mpaka lero palibe mmodzi wa ife amene walimba mtima kusuntha mpando umene ankakhalapo pamisonkhano yathu, pafupi ndi mbaula.

Malemu sanali munthu wa masukulu apamwamba, koma a masukulu apamwamba ndiwo ankakwera masitepe a nyumba yawo atavula zipewa. Anagwira ntchito zaka 31 pa fakitale yoika tinsomba m'zitini, akudula mitu ndi michira ndi sizasi kuyambira m'mawa mpaka manja kuchita dzanzi; ndipo ndi manja omwewo, atasambidwa bwino ndi sopo, anapulumutsa makalata oposa zikwi ziwiri olembedwa ndi alakatuli amene anakhala m'dziko lino lisanakhale ndi njanji. Mu 1974 anaitana anthu anayi m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, atatha kudya nyemba za Loweruka, ndipo bungwe limene lero lili ndi mamembala 140 linabadwa pakati pa mbale zosatsuka. Iwo ndiwo anayambitsa kaundula wathu wotchuka, amene anthu akunja amaseka akamva dzina lake, Kaundula wa Mabowo. Iwo ndiwonso anaika dengu pakhomo la chipinda chathu, limene aliyense wolowa, kaya ndi mbusa kaya ndi pulofesa, amaponyamo sizasi, mpeni kapena lezala asanakhudze pepala lililonse.

Amene sali a ntchito yathuyi ayenera kumva chifukwa chake. Osonkhanitsa akale sankasamala kalata. Ankafuna dzina lokha la mwini wake, limene anasaina pamapeto. Ankalidula n'kulimata m'buku, kalatayo n'kuisiya ndi bowo. Malemu ankawanena motere: "Ku fakitale timataya mutu n'kusunga nsomba. Anthu awa ankasunga mutu n'kutaya nsomba, n'kumadzitcha ophunzira." Choncho kalata iliyonse yoboola imene inafika m'manja mwawo, ankajambula bowo lake papepala lopyapyala, dzina lililonse lodulidwa limene anamva kuti lili kwinakwake, ankapempha kuti awajambulire m'mphepete mwake, ndipo pofananiza zojambulazo, chaka ndi chaka, anabwezera mayina 312 ku makalata awo.

Izi ndi zimene uthenga wa chipepeso umayenera kunena, ndipo tikanalekera pomwepa. Koma malemu anandilamula ine, amene mamembala anandiika pampando chifukwa ena onse anakana, kuti: "A Crummett, mukadzalemba za ine musadzandipake mafuta. Mudzayambe ndi sizasi." Mawu a womwalira saponderezedwa.

M'chilimwe cha 1960, Verna anali mtsikana wa zaka 19, wodziwika pa fakitale yonse kuti palibe womuposa liwiro. Azakhali ake anali atamwalira, ndipo tsiku lina masana, atangoweruka, epuloni ili m'chiuno, anakwera m'kachipinda ka kudenga ka nyumba yomwe ija ya pamwamba pa doko kukatulutsa katundu wawo. M'bokosi la nsalu anapezamo kalata imodzi yakale, yopindidwa yokha popanda envelopu, ili ndi chipsera cha phula lofiira. Anatsika nayo n'kukhala pakhonde. Asanaiwerenge n'komwe, pageti panaima bambo wina wachilendo, wa chipewa cha udzu ndi nsapato zoyera, mmodzi wa alendo obwera kudzapuma m'chilimwe, amene ankayenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala akale.

Bamboyo anatembenuza kalata ija n'kuyang'ana pansi pa tsamba lachiwiri, pamene panali dzina, ndipo maso ake anawala. Panalembedwa kuti Keziah Ridlon.

Aliyense kuno amadziwa kuti Kaputeni Obadiah Ridlon ndiye mlakatuli wa tauni yathu, mwini buku la ndakatulo za panyanja la 1811, amene mwala wake wa chikumbutso waima kutsogolo kwa laibulale. Keziah anali mlongo wake, wosakwatiwa, womuphikira ndi kumusungira nkhuku. Za iye zimene zinkadziwika n'zomwezo.

"Dzina la kaputeni ndili nalo kale," anatero mlendoyo. "La mlongo wakeyu likhala bwino pambali pake. Kalata yonse sindikuifuna ayi, zangokhala za nkhuku ndi chimfine. Mtsikana iwe, sizasi uli nayo?"

"Bambo, mukufunsa wa ku fakitale ngati ali ndi sizasi?" anayankha Verna akuseka. "Kafunseni nsomba ngati ili ndi madzi."

Anaitulutsa m'thumba la epuloni. Kanayi kokha, tseketseke, dzina linali m'manja mwa mlendo. Bamboyo anayamikira kuti sanaonepo dzanja lowongoka chotero, Verna n'kumva kukoma mumtima, ndipo mlendo anakweza chipewa n'kutsika msewu. Dzina lake sanamufunse. Kumene ankachokera sanamufunse.

Kenaka anatembenuza pepala kuti awerenge za nkhuku zija. Apa m'pamene anaona chimene mwana aliyense wa bungwe lino amaphunzitsidwa tsiku loyamba: pepala lili ndi mbali ziwiri. Podula dzina kumbuyo, anali atadulanso mizere inayi kutsogolo. Keziah ankalembera msuweni wake Lydia, ndipo pamwamba penipeni pa bowo panali mawu awa: "Wandifunsa kuti ndakatulo zimene Obadiah wasindikiza ku Portland analemba ndani. Ndikuyankha kamodzi, usadzandifunsenso." Pansi pake, bowo. Pansi pa bowo: "Nkhuku yofiira ija yayambanso kuikira."

Verna anathamanga mpaka ku doko epuloni ikuuluka. Anafunsa ku hotelo, anafunsa oyendetsa boti. Mlendo wa chipewa cha udzu m'chilimwe cha ku Pell Harbor ali ngati mbalame yoyera padoko: alipo mazana, ndipo onse ndi ofanana.

Patapita zaka, ali kale pabanja ndi malemu a Clyde Tibbetts, Noreen ali khanda la m'manja, anakwera basi kupita ku yunivesite ina kukaonetsa kalatayo kwa mphunzitsi wodziwa za ndakatulo zakale. Mphunzitsiyo anaiwerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Mayi, kalata yopanda dzina ndi ya aliyense," anatero. "Ndipo pamene pali yankho m'pamene pali bowo. Mwina analemba kuti ndi iye, mwina analemba kuti ndi mchimwene wakeyo ndipo anthu aleke miseche. Sindingagwetse mwala wa kaputeni chifukwa cha bowo. Koma inu, mbuli imene inadula apa ndani?"

"Mbuliyo ndi imene yaima pamaso panuyi, bambo," anatero Verna. "Ndipo ndi yomweyi idzabweze."

Kuyambira tsiku limenelo anasenza mtolo umodzi: anali atabera mkazi mnzake pakamwa pa nthawi yokhayo imene mkaziyo anatsegula pakamwa, ndipo anafuna kumubwezera asanafe. Chinthu chimodzi chinali kumbali yawo. Sizasi yawo inagwapo pasimenti ku fakitale n'kubenthuka pang'ono, moti paliponse pamene yadula inkasiya kadzino kakang'ono m'mphepete. Bowo la kalata ya Keziah linali ndi timano tinayi, kamodzi mbali iliyonse. Kachidutswa kosowako kanayenera kukhala nato. Mayina 312 aja anawapeza akufunafuna dzina limodzi lokha; ena onsewo, ankatero iwo, "ndi nsomba zimene zinangolowa mu ukonde."

Ine ndinafika kuno mu 1988 pa lole yonyamula zipatso, ndikufuna ntchito ya masabata awiri. Moyo wanga wonse ndakhala munthu wa pamsewu, wotola nkhani za anthu osawadziwa m'malo odikirira basi, ndipo fungo la nyemba ndilo linanditsitsira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Malemu anandilanda mpeni pakhomo, anandidyetsa, anandimvetsera mpaka khofi kuzizira, kenaka anandipatsa kapepala kopyapyala kokhala ndi chithunzi cha bowo.

"Popeza mpando umakuwotchani, a Crummett, nyamulani ichi," anatero. "Mukamamvera mabodza a anthu kumeneko, muzifunsako ngati agogo awo ankamata mayina m'buku."

Ndinakanyamula m'chikwama zaka 36. Kanatha katatu, iwo n'kujambulanso katatu. Ndikabwera chimanjamanja ankangoti, "Mwabwerako, a Kayendayenda? Mwatibweretsera chiyani, kupatula njala?"

M'mwezi wa Febuluwale chaka chino, chipale chofewa chinatseka msewu m'tauni ina yaing'ono ku Iowa, kutali kwambiri ndi nyanja, basi yathu n'kuima masiku awiri. M'kanyumba kodyera ndinakhala tebulo limodzi ndi mayi wina wachikulire, Mayi Joyce Halvorsen, amene anayamba kudandaula za katundu wa makolo amene ana safuna kulandira. "Bambo anga anali ndi misala ya mayina," anatero. "Chilimwe chilichonse ankatisiya n'kupita kunyanja ya kum'mawa kukapempha mayina a anthu akufa. Buku lawo ndimapanikizira maluwa, n'lolemera bwino."

Ndinafunsa ngati bambowo ankavala chipewa cha udzu.

"Ngakhale m'tchalitchi, amayi akapanda kuwagwira."

Masana omwewo, pa tebulo la m'khitchini mwawo, tinatsegula bukulo maluwa ouma akugwa. Patsamba la 40 panali dzina la Obadiah Ridlon, lalikulu, la michira yopotana. Pambali pake, kadzina kakang'ono kowongoka: Keziah Ridlon. Ndinaikapo kapepala kanga. Timano tinayi, tonse m'malo mwake. Mayi Halvorsen atamva nkhani yonse anatseka bukulo, n'kulikulunga m'thaulo, n'kundipatsa. "Tengani lonse," anatero. "Maluwa ndipanikizira buku la matelefoni."

Ndinafika ku Pell Harbor pa 4 Malichi, n'kupeza malemu ali pabedi limene analisunthira pawindo loyang'ana doko. Mayi Noreen anali atandiuza kale pakhomo kuti adokotala akuti kwatsala masabata awiri, mwina atatu. Analiponso Mayi Odile Theriault, membala wathu, katswiri wokonza mapepala akale.

"A Kayendayenda," anatero malemu ndi mawu otsika, "mwatibweretsera chiyani, kupatula njala?"

Ndinatsegula tsamba la 40 pamiyendo pawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatuma Mayi Noreen kukatenga kalata ija m'kabati, ndipo Mayi Odile anaigoneka pamwamba pa tsambalo mofatsa, dzina n'kutulukira pabowo ngati nkhope pawindo. Malemu anayendetsa chala m'mphepete, akuima pa kadzino kalikonse.

"Ndi dzanja langa ili," anatero. "Taonani kuwongoka kwake. Chitsiru chinali ndi luso."

Koma chimwemwe chathu chinali ndi fupa. Dzina linali pamwamba. Mizere inayi ija, yankho la Keziah, inali pansi, yomatidwa ku chikatoni chokhuthala cha tsambalo, chimene ngakhale nyali yamphamvu sinkapyola. Mayi Odile anapima ndi galasi lawo, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. Bambo wa chipewa uja anamata ndi guluu wa akalipentala. Inki ya Keziah inali yopanga yekha kunyumba, yoopa madzi. Njira inali imodzi: chinyontho pang'ono tsiku lililonse, kudikira guluu afewe yekha, kachidutswa kadzuke kokha. Masabata atatu, mwina anayi.

Mayi Noreen atilola kunena zimene zinatsatira, ndipo tikuwathokoza, pakuti zikuonetsa chikondi chawo.

"Masabata anayi?" anatero Mayi Noreen. "Odile, ukuwaona amayi kapena ukuona pepala? Ketulo ili apo. Nthunzi mphindi zisanu, kanthuka kamatuka. Masitampa timachotsa bwanji?"

"Kamatuka, inde," anayankha Mayi Odile. "Koma mawu akhoza kutsalira pachikatoni, kapena kusungunuka. Mwina tiwerenga, mwina ayi."

"Mwina tiwerenga! Wamva? Amayi, kalata imeneyi inadya ubwana wanga. Anzanga ankapita kunyanja ndi amayi awo, ine ndinkagwira tochi m'zipinda za kudenga za anthu. Zaka zonsezi, lero yankho lili pamiyendo panu, ndiye mupite osalimva chifukwa cha guluu? Ine ndikukaika ketulo."

"Kaike," anatero malemu.

Tonse tinawayang'ana.

"Kaike, utipangire khofi. A Crummett ayenda ulendo wautali." Anapuma kaye, pakuti mawu ankawatopetsa. "Noreen mwana wanga, bwera kuno. Ine ndinathamanga kamodzi, ndili ndi zaka 19, pakhonde lomwe lija. Mphindi imodzi. Ukuona kutalika kwa mphindi imeneyo? Mawu ali pansi apawa si anga. Ndi a Keziah. Ndikawaononga kachiwiri kuti ine ndimve msanga, ndiye kuti zaka zonsezi ndimafunira mimba yanga, osati iye."

"Nanga mukapita musanamve?"

"Udzamva ndiwe. Makutu ako ndinakupatsa ndine."

Mayi Noreen anatuluka akulira, ndipo tinamva ketulo ikuikidwa pachitofu mwaukali. Khofi wake anali wowawa kwambiri, koma tinamwa tonse osadandaula.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akulu, koma sanena kuti kudekhako kumapweteka chotani pamene wodikirayo akutha ngati kandulo. Mayi Odile anatenga tsambalo kupita nalo kuchipinda chawo chogwirira ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankaimba foni, Mayi Noreen n'kuigwirizira kukhutu kwa amayi awo.

"Lero ngodya imodzi yadzuka, ngati njere ya mpunga."

"Usakoke."

"Sindikukoka, amayi."

"Ndikukudziwa iwe, Odile. Unabwera kwa ine uli ndi zala za nkhanu. Usakoke."

Sabata yoyamba inatha. Yachiwiri, malemu analeka kudya za kutafuna. Mayi Noreen ankati akamva foni ankayang'ana kukhoma, osafuna kuti amayi awo aone nkhope yawo. Ine, amene sindinakhalepo malo amodzi mwezi wathunthu chikhalire, ndinakhala pampando wa pakhonde lija tsiku ndi tsiku, ndipo kwa nthawi yoyamba mpando sunandiwotche.

Lachiwiri pa 19 Malichi, chakumasana, Mayi Odile anabwera okha, atanyamula tsambalo m'bokosi lathyathyathya ngati anyamula dzira. Mbali imodzi inali itadzuka pang'ono, mpata wongokwana chikhadabo. M'thumba anatulutsa kagalasi ka ndodo, konga ka dokotala wa mano.

"Amayi, kagalasi aka kakhoza kulowa pamene padzuka kale. Mwina tiona mawu oyamba."

"Ukoka?"

"Sindikoka. Sikakhudza n'komwe."

Malemu anatseka maso, n'kutsegulanso. "Noreen ndiye ayang'ane. Tochi anaigwira kokwanira."

Mayi Noreen anawerama. M'galasi zilembo zimaoneka chobwerera, ndipo anatenga nthawi, milomo ikuyenda. Kenaka anaweramuka, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, akuti, ‘Ndine.’"

Kenaka malemu anayamba kuseka, kuseka kopanda mphamvu koma kochokera pansi pamtima, mpaka tinawadzutsa kuti apume bwino.

"Ndinadziwa," anatero. "Obadiah uja dzina lake lokha michira mbwee. Munthu wotero angalembe za nyanja? Noreen, msuzi wa nsomba uja watsalako? Ndikumva njala."

Anamwa masipuni asanu. Anatsanzikana ndi Mayi Odile ndi mawu omwe aja, akuti asakoke. Lachinayi m'mawa, dzuwa litangofika pawindo ndipo maboti akutuluka padoko, anagona tulo tosadzukanso, dzanja lawo lili m'dzanja la mwana wawo.

Mayi Odile sanasinthe liwiro. Anapitiriza monga analamulidwira, njere ya mpunga tsiku lililonse, ngakhale panalibenso woimbira foni. Ndipo Lachinayi lotsatira, pa 28 Malichi, kachidutswa kanadzuka kokha, kathunthu, popanda chilembo ngakhale chimodzi chotsalira. Tinapita nako kwa Mayi Noreen tsiku lomwelo, ndipo ndi chilolezo chawo tikuwerengera anthu onse mizere inayi imene inakhala mumdima kuyambira 1960. Keziah Ridlon analembera msuweni wake kuti:

"Ndine. Zonse ndinalemba ndine, pathabwa lokandira buledi, iye ali panyanja. Obadiah sangalumikize mawu awiri ngakhale utamupatsa chingwe. Usauze munthu pakali pano, koma pepalali usaotche. Ine sindikuthamanga, tsiku lina lidzafika m'manja mwa munthu wosamala."

Mayi Noreen anawerenga kawiri. Kenaka anafunsa Mayi Odile kuti, "Ketulo ija ikanafufuta mpaka pati?"

"Mzere woyamba mwina ukanatsala. Wotsirizawo, pamene guluu anachuluka, ukanapita wonse."

Mayi Noreen anayang'ana bedi lopanda munthu pawindo paja. Pamapeto pake anati, "Buku la ku Iowa lija, muli mayina angati?"

Muli mayina 208, ndipo lililonse lili ndi kalata yake yoboola kwinakwake m'dziko lino. Loweruka lapitali, titatha kudya nyemba, Mayi Noreen, amene sanapondemo m'chipinda chathu chichokere ku ubwana, anatsika masitepe, anatsegula chikwama, n'kuponya m'dengu la pakhomo sizasi yakale yobenthuka, ya fakitale. Kenaka anafunsa kumene timasunga mapepala ojambulira mabowo.

Chotero, abale athu olira, ngakhale chisoni chathu n'chachikulu, sitikulira ngati anthu amene ntchito yawafera m'manja. Bungwe lagwirizana kuti kachidutswa kabwezeredwe pamalo pake, koma mzere wa sizasi usabisidwe, timano tonse tinayi tizioneka, monga malemu anafunira, kuti woona aliyense adziwe kuti cholakwa chinachitika ndiponso kuti chinakonzedwa. Kalatayo idzaonetsedwa kwa anthu onse pa 18 Meyi, tsiku limene tidzaperekeze malemu kumanda a pamtunda nthaka youma ndi chisanu ikadzafewa. Pakuti ngakhale manda awo akudikira nyengo yake, ndipo tikukhulupirira kuti iwo sakanadandaula. Mwala wa kaputeni sitiugwetsa, poti nayenso anali munthu ndipo nyanja ankaidziwa. Koma tapempha akuluakulu a tauni kuti pambali pake paime wina, wa zilembo zing'onozing'ono zowongoka.

Kwa inu Mayi Noreen, amene munabwereketsa amayi anu kwa akufa kwa zaka zambiri pamene munkawafuna kwa amoyo, bungwe lino likupepesa ndiponso likuthokoza, pakuti tikudziwa kuti zimene ife tinapindula, inu ndinu munazisowa. Kwa zidzukulu ndi abale onse, m'malo mwa mamembala athu onse, a pafupi ndi a kutali, tikupereka chipepeso chochokera pansi pamtima, ndipo tikupempha Mulungu, amene sataya ngakhale kachidutswa kamodzi ka zimene analenga, kuti akulimbitseni mawondo m'masiku ano, akupatseni tulo tabwino ndi anzanu okhala nanu, ndipo bowo limene latsala m'nyumba mwanu alisunge m'mphepete mwake mosaonongeka kufikira tsiku limene chodulidwacho chidzabwezeredwe. Chisoni musachikoke, chilekeni chidzuke chokha, pang'ono tsiku lililonse. Khomo lathu n'lotsegula Loweruka lililonse, ndipo nyemba zimakwanira.

Mayi Verna Tibbetts, manja osamala amene Keziah anawadikira zaka mazana awiri, apumule mumtendere, mosathamangitsidwa ndi kanthu.

M'malo mwa mamembala onse, ndine wolira nanu, ndipo dzina langa ndalisaina m'munsimu ndi dzanja langa. Chonde musalidule. Kumbuyo kwake kuli mawu.

Alden Crummett
Wapampando
Bungwe la Osunga Makalata a Alakatuli Akale